Nyimbo zikamadumpha pa choimbira cha m'thumba: komwe vuto limabisala ndi momwe mungalipezere

Munthu akanena kuti choimbira chake chikudumpha nyimbo, angakhale akunena chimodzi mwa zinthu zitatu, ndipo chilichonse chili ndi gwero lake. Pali nyimbo yochita chibwibwi: ikuimba bwinobwino, n'kuduka kwa theka la sekondi, n'kupitiriza. Pali nyimbo yomwe imayamba, koma isanafike kumapeto chipangizo n'kuisiya n'kupita pa yotsatira. Ndiye pali ina yomwe dzina lake limangooneka pa sikirini kwa kanthawi, osamveka ngakhale liwu limodzi, n'kubwera ina. Ambiri amathamangira kufomata kapena kugula chipangizo china asanasiyanitse zitatuzi, n'chifukwa chake vutolo limabwereranso patangopita masiku awiri.

Musanamasule sikuluwu kapena kufufuta kanthu, pezani chomwe kudumphako kukutsatira. Ikani chipangizocho patebulo, chisakhudzidwe, batire lili lodzaza, muzimitse shuffle (kaimbidwe kosakaniza nyimbo), muimbe nyimbo yovutayo katatu mukuyang'ana nthawi pa sikirini. Ikaduka pa 2:14 maulendo onse atatu, kudumphako kukutsatira fayilo kapena malo omwe fayiloyo yakhala. Ikaimba mpaka kumapeto patebulo koma n'kumaduka mukachiika m'thumba n'kuyenda, kukutsatira kugwedezeka: waya, pulagi, batani, disiki yozungulira kapena Bluetooth. Ikamaduka paliponse, pa nyimbo iliyonse, makamaka chipangizo chikagwira ntchito kwa nthawi, ganizirani batire, memore khadi lotopa kapena pulogalamu ya m'kati. Mayeso amenewa satenga mphindi 15, koma amachotsa theka la zomwe mukadazikayikira.

Yang'ananinso zokonda zomwe zasankhidwa m'chipangizomo, chifukwa nthawi zina palibe chowonongeka n'komwe. Zoimbira zambiri zotchipa zili ndi kaimbidwe kotchedwa Intro, komwe kamaimba masekondi pafupifupi 10 oyambirira a nyimbo iliyonse n'kupita pa ina. Zina, monga iPod nano ya 2008, zimasintha nyimbo mukazigwedeza mwamphamvu, zomwe zimachitika zokha munthu akamathamanga. Mu iTunes, pulogalamu ya Apple yoikira nyimbo mu iPod, nyimbo imatha kupatsidwa nthawi yoyambira ndi yothera, kapena chizindikiro choti izidumphidwa pa shuffle, ndipo malamulowo amasamukira limodzi ndi nyimbo mu iPod.

Vuto likakhala mu fayilo

Koperani fayilo yomweyo kuchokera mu chipangizo kubwerera pa kompyuta, muiimbe pamenepo. Tsindikani mawu akuti kuchokera mu chipangizo: fayilo yoyambirira yomwe ili pa kompyuta ikhoza kukhala yabwino pomwe yokoperedwayo inaonongeka pa njira. Ndipo musakhulupirire pulogalamu yoimbira ya VLC yokha pa mayesowa. VLC ndi yopirira, imadutsa pa malo oonongeka osadandaula, pomwe kachipu kakang'ono ka mu choimbira kakakumana ndi malo omwewo kamangogonja n'kupita pa nyimbo ina.

Kukula kwa fayilo kumaulula zambiri. MP3 ya 128 kbps imadya makilobaiti 16 pa sekondi, kapena pafupifupi 1 MB pa mphindi. Ya 320 kbps imadya 2.4 MB pa mphindi. Nyimbo ya mphindi 4 iyenera kukhala pafupifupi 3.8 MB pa 128 kbps, kapena 9.6 MB pa 320 kbps. Mukaipeza ili 1.1 MB, ndiye kuti inadukira pa njira poidawuniloda kapena poikopera, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingabweze gawo losowalo. Itengeninso komwe inachokera.

Nyimbo yomwe imadumphidwa isanayambe n'komwe kawirikawiri imakhala ya mtundu womwe chipangizocho sichiudziwa. Dzina lothera ndi .mp3 si umboni. Mawebusaiti ena osinthira mavidiyo kukhala nyimbo amapereka fayilo ya AAC kapena Opus n'kungoimata dzina la MP3, ndipo choimbira chikatsegula n'kupeza zina, chimadutsa. Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imaonetsa zomwe zilidi m'kati: mtundu, bitrate (ma kbps aja), ndi kuchuluka kwa masampulo pa sekondi. Ngakhale chipangizo cholembedwa kuti chimaimba FLAC chikhoza kukana FLAC ya 24-bit pa 96 kHz n'kumalandira ya 16-bit pa 44.1 kHz yokha, womwe ndi muyezo wa CD. Nyimbo zotsekedwa ndi DRM, loko yoletsa kukopera, nazo zimadumphidwa: zomwe zinagulidwa pa iTunes chisanafike chaka cha 2009, zothera ndi .m4p, ndi zomwe pulogalamu ngati Spotify imasunga kuti muzimvera popanda intaneti, sizingaimbe pa chipangizo chomwe sichinaloledwe ngakhale mutazikopera.

Palinso mafayilo abodza omwe amasokoneza anthu ogwiritsa ntchito Mac. Kompyuta ya Apple ikamalemba pa khadi lofomatidwa kukhala FAT32 kapena exFAT, imatha kusiya kafayilo kobisika pambali pa nyimbo, kokhala ndi dzina lomwelo koma koyamba ndi kadontho ndi kamzere kapansi (._), kakang'ono ngati 4 KB. Choimbira chimakawerenga ngati nyimbo, chimayesa kukaimba, chimalephera, n'kudumpha. Mukaona kuti nyimbo iliyonse ikuoneka kawiri ndipo imodzi mwa ziwirizo siimba, n'zimenezi. Lamulo la dot_clean pa Mac limazichotsa, kapenanso mukhoza kuzifufuta pa Windows mutatsegula kuti mafayilo obisika azioneka.

Kenaka pali mutu wa fayilo. Kumayambiriro kwa MP3 kumakhala malo otchedwa ID3, osungiramo dzina la woimba, la chimbale ndi chithunzi. Chithunzi cha mapikiselo 3000 m'litali ndi m'lifupi chikhoza kulemera mamegabaiti angapo, ndipo chipangizo cha memore yochepa chimatsamwa nacho chisanafike pa mawu. Ndi pulogalamu ya Mp3tag, chepetsani chithunzicho chifike cha 500 kapena kucheperapo, chikhale JPEG wamba, ndipo musunge tagi ngati ID3v2.3, chifukwa zoimbira zakale zambiri sizimvana ndi 2.4. MP3 ya VBR, yomwe bitrate yake imasinthasintha, imadalira kamutu kena kouza chipangizo kutalika kwa nyimbo. Kamutuko kakasowa kapena kakalakwika, nyimbo ya mphindi 5 imaoneka ngati ya mphindi 2 kapena 20, ndipo zoimbira zina zimaidula nthawi yolembedwayo ikakwana. MP3val ndi foobar2000 zimakonza zimenezi osasintha mawu. Pa FLAC, lamulo la flac -t limayesa fayilo yonse n'kunena ngati ili ndi chilema.

Zikakanika zonse, sinthani nyimboyo ikhale MP3 ya CBR, yomwe bitrate yake siisintha, ya 192 kapena 256 kbps pa 44.1 kHz. Palibe choimbira cha MP3 chomwe chimakana mtundu umenewu. Koma yambirani pa fayilo yabwino kwambiri yomwe muli nayo, chifukwa kusintha MP3 kukhala MP3 ina kumachepetsa kukoma kwa mawu ulendo uliwonse.

Memore khadi

Ogulitsa amakonda kunena kuti nyimbo zikuduka chifukwa khadi ndi lochedwa. Masamu akukana. Khadi la Class 10 limalemba 10 MB pa sekondi kapena kuposa, ndipo kuwerenga kumafulumira kuposa pamenepo. MP3 yolemera kwambiri imafuna makilobaiti 40 pa sekondi. Ngakhale WAV ya muyezo wa CD imafuna pafupifupi 176. Khadi lililonse labwinobwino limakwanitsa zimenezi lili mtulo. Choncho khadi likamadula nyimbo, si kuti ndi lochedwa koma ndi lodwala, labodza, kapena lofomatidwa mwanjira yomwe chipangizo sichiimva.

Khadi labodza lili ndi chizindikiro chake chosasowa. Lalembedwa 128 GB, kompyuta nayonso ikuonetsa 128 GB, koma m'kati muli mwina 8 GB yokha. Nyimbo zoyamba kukopera zimaimba bwino. Mukadutsa malire enieniwo, khadi limapitiriza kulandira mafayilo ndi kulemba mayina ake, koma zam'kati zimatayika kapena zimalembedwa pamwamba pa zakale. Zotsatira zake, kawirikawiri zimbale zomwe munaika poyamba zili bwino, zomwe mwaika posachedwa zonse zikudumphidwa. H2testw pa Windows, kapena F3 pa Linux ndi Mac, imadzaza khadi lonse ndi deta n'kuiwerenganso, ndipo imanena kukula kwenikweni. Zimatenga ola limodzi kapena angapo, koma khadi latsopano lililonse liyenera kudutsa pamenepa musanalipatse nyimbo zanu.

Pa kafomatidwe, makhadi a SDHC, ofika 32 GB, amabwera ndi FAT32. A SDXC, oposa 32 GB, amabwera ndi exFAT. Choimbira chopangidwa isanafale SDXC sichiwerenga exFAT, ngakhale zambiri zimalandira khadi la 64 GB likafomatidwanso kukhala FAT32. Ngati chipangizo chili ndi lamulo lake lofomatira, gwiritsani ntchito limenelo, chifukwa chimayala khadi momwe chikufunira. Ngati chilibe, SD Card Formatter ya bungwe la SD Association ndi yodalirika.

Kusolola khadi kapena chingwe cha USB kukopera kusanathe kumaononga mafayilo ambiri. Kompyuta imatha kuonetsa kuti yamaliza pomwe mbali ina ya deta ikadali mu memore yake. Dinani Eject, mudikire uthenga, kenaka musolole. Ngati zachitika kale, chkdsk yokhala ndi /f pa Windows imakonza mndandanda wa mafayilo pa khadipo, koma nyimbo zomwe zinadukazo muyenera kuzikoperanso. Tizitsulo tagolide ta kumbuyo kwa khadi tikachita mafuta a m'manja, tipukuteni ndi kansalu konyowetsedwa pang'ono ndi spiriti ya isopropyl, tiume, n'kubwezera. Khadi lomwe layamba kukana kufufuta kapena kulemba chilichonse lafika kumapeto kwa moyo wake. Koperani zomwe zikuwerengeka mulisiye.

Choimbira sichifufuza khadi lonse nthawi iliyonse mukasankha nyimbo. Chimasunga mndandanda wake wa mayina ndi malo. Mukasintha dzina la foda kapena kusuntha mafayilo pa kompyuta, mndandanda wakalewo umalozabe pomwe palibe kanthu, ndipo chipangizo chimadumpha nyimbo zingapo motsatizana mpaka chitapeza yomwe ikadali pamalo ake. Mapleyilisiti a M3U amavutanso chimodzimodzi, makamaka akalembedwa ndi njira yonse ya pa kompyuta, yoyamba ndi C:. Pezani lamulo lokonzanso mndandanda, lomwe limalembedwa Update Library kapena Refresh Database, mulilole limalize.

Waya wa mahedifoni ukamadina batani wokha

Ili ndi vuto lomwe anthu amalipeza mochedwa, chifukwa palibe amene amaganiza kuti mahedifoni angasinthe nyimbo. Yang'anani pulagi. Ikakhala ndi mizere iwiri yakuda, ndi ya mawu okha. Ikakhala ndi itatu, ili ndi njira yachinayi ya maikolofoni ndi mabatani. Batani lapakati pa waya limagwira ntchito pongogunditsa njira ya maikolofoni ndi waya wa graundi. Kudina kamodzi kumaimitsa nyimbo, kudina kawiri mofulumira kumapita pa yotsatira. Tsono waya ukathetheka m'kati, pafupi ndi pulagi pomwe umapindikapindika, timawaya tiwiriti timagundana tokha mukamayenda, ndipo chipangizo chimamva ngati mwadina. Thukuta kapena madzi amvula akalowa mu kabataniko zimachitanso chimodzimodzi. Pa muyezo wa Android mabatani okweza ndi kutsitsa mawu amasiyanitsidwa ndi kukana kwa magetsi, 240 ohm ndi 470 ohm, n'chifukwa chake waya wodwala umathanso kukweza kapena kutsitsa mawu wokha.

Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani mahedifoni a mizere iwiri. Kudumpha kukatha, mwapeza. Kapena nyimbo ikuimba, pindani waya pang'onopang'ono kuyambira pa pulagi mpaka ku makutu, mumve pomwe pakudukira. Dziwaninso kuti mapulagi a mizere itatu ali mitundu iwiri, CTIA ndi OMTP, yomwe inasinthanitsa malo a maikolofoni ndi graundi. Kusakaniza mitunduyi kumabweretsa mawu opyapyala ngati akuchokera m'chitini ndi mabatani osamvera.

Kabowo ka pulagi kamasonkhanitsa ulusi wa m'thumba. Ulusiwo ukapanikizika pansi, pulagi siilowa mpaka kumapeto, ndipo chipangizo chimaona ngati mahedifoni asololedwa n'kuimitsa nyimbo. Chizimitseni, mutokose mofatsa ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano kapena waya wachitsulo ayi, zimakala tizitsulo ta m'kati. Mabatani a chipangizo chenichenicho nawo amadinika m'thumba lothina, ndipo kuletsa zimenezi ndiyo ntchito ya swichi ya Hold.

Bluetooth

Bluetooth imagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz, omwe imagawana ndi Wi-Fi ndi ma uvuni a maikolowevu, ndipo zipangizo za USB 3.0 nazo zimatulutsa phokoso pamenepo. Mtunda womwe umalembedwa pa zipangizo zambiri ndi mamita 10, koma umenewo ndi wa pamalo opanda chotchinga. Thupi la munthu ndi madzi ambiri, ndipo madzi amameza mafunde amenewa. Choimbira chili m'thumba lakumbuyo lakumanzere, cholandirira chili ku khutu lakumanja, ndiye kuti mafunde akuyenera kudutsa thupi lonse. M'nyumba amagunda makoma n'kuzungulira, koma panja pa bwalo alibe pogunda, n'chifukwa chake chibwibwi chimachuluka panja kuposa m'chipinda. Sunthirani chipangizo m'thumba lakutsogolo kapena la pachifuwa.

Mtundu wa codec, njira yomwe mawu amapanikizidwira potumizidwa, nawo uli ndi mbali. SBC imafika cha pa 328 kbps, pomwe LDAC ya Sony imatha kutumiza 330, 660 kapena 990 kbps. Pa 990, kusokonezeka pang'ono kumamveka nthawi yomweyo. Itsitseni pa 660, kapena musankhe yoti izisintha yokha. Mahedifoni olumikizidwa ku zipangizo ziwiri nthawi imodzi amadula nyimbo foni ikalira uthenga. Ndipo timahedifoni ta m'makutu tongokhudza timamva tsitsi lonyowa kapena chipewa ngati chala, n'kusintha nyimbo.

iPod ya disiki yozungulira, ndi batire

iPod yoyamba, ya mu 2001, inali ndi hard disk ya mainchesi 1.8 yosunga 5 GB, ndipo mtundu wa classic unapitirira mpaka 2014. Disikiyo siizungulira nthawi zonse. Imadzuka, imakopera nyimbo zingapo mu memore, yomwe pa iPod yoyambayo inali 32 MB, n'kugona. Ndi MP3 wamba memoreyo imakwana mphindi pafupifupi 20. Mukaika WAV, yomwe imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, memore imatha m'mphindi zitatu, disiki imadzuka pafupipafupi, ndipo mwayi woti igwedezeke ikuwerenga umachuluka. Kudina Next kambirimbiri kumachitanso zomwezo.

Ikani khutu kumbuyo kwa chipangizo. Disiki yabwino imalira mosalala kwa masekondi ochepa n'kukhala chete. Yodwala imagogoda mobwerezabwereza, nyimbo n'kuima, kenaka n'kudumpha. Pa iPod classic mukhoza kuona thanzi lake: gwirani Menu ndi batani lapakati mpaka chizindikiro cha Apple chioneke, kenaka mugwire lapakati ndi lobwerera m'mbuyo kuti mulowe mu diagnostic mode, mupite pa HDSMARTData. Manambala a Reallocs ndi Pending Sectors amaonetsa malo oonongeka. Ochepa osasintha si oopsa. Omwe akukwera sabata ndi sabata akutanthauza kuti disiki ikufa. Restore, lamulo lofufuta zonse n'kuyambiranso, imabisa vutoli kwa kanthawi chabe. Mankhwala ake ndi kuchotsa disikiyo n'kuikamo adaputa ya makhadi a SD, yomwe ilibe chozungulira ndipo imadya moto wochepa. Musanaiweruze disiki, chotsani kalamba kopyapyala kolumikiza disiki ndi bolodi n'kukabwezeretsa bwino, chifukwa chipangizo chikagwa kamasuntha.

Batire lokalamba limanamizira disiki. Batire la lithiamu limakhala 4.2 V likadzaza ndi 3.7 V pakati, ndipo likadutsa maulendo mazana angapo otchaja, limalephera kupereka moto wambiri nthawi imodzi. Sikirini ikhoza kuonetsa theka, koma disiki ikangodzuka mphamvu imagwa, kuwerenga n'kulephereka. Yesani chipangizo chili pa chaja: kudumpha kukatha, sinthani batire. Kuzizira kumakulitsa vutoli. Batire lotupa, lomwe limakankha sikirini kapena chivundikiro, musalitchajenso ndipo musaliboole.

Choimbira cha CD

Apa kudumpha ndi kwenikweni: kuwala kwa leza (laser) kowerenga CD kumachoka pa mzere. Mizere ya pa CD yatalikirana mamaikulomita 1.6 okha, ndipo CD imazungulira pafupifupi maulendo 500 pa mphindi pakati, kutsika mpaka cha pa 200 kumphepete. Imawerengedwa kuchokera pakati kupita kunja, kotero nyimbo zomaliza zikamadumpha, yang'anani kumphepete, komwenso zala zimagwira.

CD ili ndi njira yokonzera zolakwika yomwe imabweza deta yotayika pa mtunda wa mamilimita pafupifupi 2.5 motsatira mzere. N'chifukwa chake kukalika kochoka pakati kupita kunja sikuvuta kwenikweni, poti kumadula mzere uliwonse pang'ono chabe, pomwe kukalika kozungulira kumafufuta gawo lalitali la mzere umodzi. Popukuta, yambirani pakati kupita kumphepete, osazungulira. Yafumbi kapena yamafuta itsukeni ndi madzi ofunda pang'ono ndi kadontho ka sopo wamadzi, muiumitse ndi nsalu yofewa. Kukalika kwa mbali yolembedwa n'koopsa kuposa kwa mbali yowala, chifukwa deta ili pafupi ndi pamwamba. Mukaiyang'anitsa ku nyali n'kuona timabowo towala, gawo limenelo latayika.

Ma CD onse akamadumpha, vuto lili mu chipangizo. Chotsani mabatire, mupukute diso la leza ndi kathonje konyowetsedwa ndi isopropyl, mopepuka kwambiri poti lakhala pa timawaya tofewa, mudikire liume. Kudumpha kochitika pa mphindi yomweyomweyo pa ma CD osiyanasiyana kumaloza njanji yomwe diso limayendapo: girisi wauma kapena pagwera chinyalala. Leza yotopa imayamba ndi kukana CD-RW, kenaka CD-R, pomaliza ma CD a ku fakitale, chifukwa zojambulidwa pa kompyuta zimabweza kuwala kochepa.

Zoimbira za CD zambiri zili ndi memore yoteteza kugwedezeka, yolembedwa ESP kapena G-Protection, yosunga masekondi angapo mpaka 40 kapena kuposa. Imafunika kudzaza kaye, choncho mukadina Play dikirani pang'ono musanayambe kuyenda. Imathandiza pa kugunda kwa apo ndi apo, koma pothamanga, pomwe kugwedezeka sikulekeza, imatha osapeza mpata wodzazanso. Imadyanso mabatire msanga chifukwa CD imazungulira mofulumira, ndipo mabatire a AA akafooka mota ndi diso zimalephera kutsatira mzere chenjezo la batire lisanaoneke. Ikanimo atsopano awiri a mtundu umodzi, mupukute tizitsulo tomwe amagundapo ngati tachita zoyera kapena zobiriwira, muyesenso CD yomweyo patebulo.